Nyanja ya Ababa ku Kelimane

Kwathu ku Bangwe mukafunsa kuti kwa a Namakhwa ndi kuti, anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Koma mukangonena kuti kwa a Kelimane, ngakhale mayi wogulitsa makala pa Namiyango akulozerani. Amenewo ndi ababa anga. Dzinali analitola pa bawo, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ya mpira kaya ya kukwera mtengo kwa feteleza, iwo ankaikhotetsa mpaka ikathere ku Kelimane, mzinda wa ku Mozambique kumene ankati anakulira, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Ife ana awo tinakula tikudziwa kuti nsomba za kuno n'zoseweretsa, nsomba zenizeni zili kwawo kwa ababa.

Chaka chatha maso awo anayamba kuzima. Lakumanzere linali litapita kale osatiuza, nkhalamba ija kubisa. Dokotala wa kuchipatala chachikulu anandiitanira pambali n'kundiuza mosapsatira kuti si ng'ala yoti n'kupala, ndi mitsempha, ndipo diso lotsalalo likutsatira linzake. Anati ngati pali chimene bambowa akufuna kuona, aone chaka chomwechino. Tili mu minibasi pobwerera ndinawafunsa, mtima ukundipweteka. Titafika pa Limbe anangoti, "Nyanja, Esinati. Ndikaone nyanja."

Ine ndine telala, ndimasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo ulendo wanga wautali kwambiri unali wa ku ukwati ku Lilongwe. Komabe ndinalimba mtima. Zonse zimene ndinasoka nyengo yotsegulira sukulu zinathera ku mapasipoti awiri ndi kathumba ka ulendo. Amuna anga, bambo a Tadala, anandiyang'ana ndikulongedza nati, "Mayi, mukutenga nkhalamba yosaona kupita nayo kudziko la eni, chilankhulo simuchidziwa. Mwaganiza bwino?"

"Eni ake a dzikolo ndi ababa omwewa," ndinawayankha monyada. "Ine ndikungonyamula zikwama."

Tinanyamuka Lolemba m'mamawa. Popeza za m'malesitilanti sitikanazikwanitsa, ndinanyamula mbatata yophika, chigumu, mazira owiritsa, mtedza wokazinga ndi chigubu cha thobwa cha malita asanu. Ababa anavala jekete imene anapumira nayo ntchito ku fakitale ya ku Makata, chipewa ndi ndodo yawo. Ndinawauza kuti kumene tikupita n'kotentha, iwo ati munthu sabwerera kwawo atavala ngati wokagula tomato.

Pa depoti ya Limbe tinapeza minibasi ya ku Muloza yooneka yodzadza, tinathamangira mipando iwiri yotsala. Kungokhala pansi, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi n'kukaima panja kumacheza ndi kondakitala. Anali ongokhalitsidwa kuti tikopeke ife opusafe! Tinawotcheka mmenemo ola lathunthu ndi theka. Itanyamuka inkaima paliponse pamene munthu wakanda mutu m'mbali mwa msewu. Thyolo, Luchenza, Chitakale, ine ndinkawauza ababa mayina a malo, iwo n'kumavomera ngati akundiyesa mayeso.

Pa boda ya Muloza tinafika dzuwa lili pamutu. Osintha ndalama anatizinga ngati tagwetsa chimanga pakati pa nkhuku, aliyense akundiitana kuti asisi, aunt, mayi wanga. Ndinasankha amene anali ndi imvi, poganiza kuti imvi sizinama, ndipo ndinabisa mametikashi anga, ndalama za ku Mozambique, m'kansalu m'chiuno. Mbali ya kwathu anatidindira mwachangu. Mbali ya ku Mozambique wa pawindo anatembenuza mapasipoti n'kufunsa funso lalitali m'Chipwitikizi. Ine ndinawakankhira ababa kutsogolo.

"Ayankheni, ababa."

Ababa anavula chipewa, anawerama pang'ono nati, "Obrigado."

Bambo uja anabwereza funso lake. Ababa anabwerezanso obrigado wawo, ulendo uno mokweza. Apo wa pawindoyo anaseka n'kunena m'Chinyanja chomveka bwino kuposa changa, "Madala, ndafunsa kuti mukakhala masiku angati." Titatuluka ababa anang'ung'udza kuti Chipwitikizi cha ana a masiku ano n'chothamanga, sichili ngati chakale. Ine ndinavomereza, nanga ndikanatsutsa ndi chiyani?

Kuchoka pa boda kukafika m'tauni ya Milange tinakwera makabaza. Mukanawaona ababa pakaliyala, dzanja lina lagwira chipewa, lina lagwira malaya a mwini njinga, ndodo aipingasa pamiyendo, akumulangiza munthu wa msewu wake womwe kuti apalase bwanji. Ku Milange minibasi amazitcha chapa. Ya ku Mocuba inali ndi anthu asanu okha, ndipo dalaivala anali atagona pansi pa galimoto pamthunzi, nsapato atatsamira. Tinadya mazira. Tinadya mbatata. Ndinawerenga nkhuku zodutsa. Inadzanyamuka cha m'ma fili koloko, titapanikizana anayi anayi, mwana wa eni ake ali pamiyendo panga.

Pafupi ndi ababa panakhala a Chikopa, bambo wa ku Chilomoni amene amapita ku Kelimane kukapikula nsomba zouma. Munthu wolankhula ngati wailesi. Atamva kuti ababa anakulira kumeneko anasangalala kwambiri.

"Aaa, ndiye ndinu eni mudzi! Mbali iti, madala? Cha kumsika waukulu, kapena cha ku doko?"

"Cha kunyanja," anatero ababa.

"Kunyanja kwake kuti?"

Ababa anakokera chipewa kumaso n'kuyamba kuliza mkonono nthawi yomweyo. Ndinawapepesa a Chikopa kuti nkhalamba yatopa.

Thobwa lija ndinali nditaliiwala pansi pa mpando, pamwamba pa injini penipeni. Tangoyenda pang'ono tinangomva phuu! Chitsekerero chinawomba denga, thobwa linathovokera pa thalauza la a Chikopa, pa thumba la ufa la mayi wina, mpaka m'khosi mwa kondakitala. Mayo ine, manyazi! Ndinayamba kupukuta anthu ndi chitenje ndikupepesa m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa, zomwe ndi chimodzi. Koma anthu aja anangofa nacho chiseko, ndipo mayi wa ufa uja anatulutsa kapu kuti lotsalalo lisapite pachabe. Chigubu chinazungulira galimoto yonse n'kubwerera chopanda kanthu.

Sitinapite patali, galimoto inayamba kufuka nthunzi kutsogolo. Paipi ya madzi inali itaphulika. Dalaivala anaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, kenako anayenda ndi chigubu changa chomwe chija kukasaka madzi kumudzi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi maola awiri. Kunabwera gogo wina wamkazi ndi chinangwa chophika m'beseni, ndipo atapereka moni m'Chilomwe, ababa anayankha. Abale, sindinawamvepo ababa akulankhula Chilomwe chotero. Kunyumba ankangoponyapo liwu limodzi akakwiya, koma apa chinkatuluka ngati madzi a pampopi, akuseka, akuwomba m'manja, akufunsana za mitundu ndi midzi. Gogoyo atapita, ababa anandigwira mkono.

"Esinati, kumanja kwathuku kuli phiri la mitu iwiri?"

"Lilipo, ababa."

"Lili ndi mwala woyera chapamwamba?"

"Eya. Mwalidziwa bwanji?"

"Ndangofunsa," anatero.

Ku Mocuba tinafika kutada, tinagona m'kachipinda kotchipa pafupi ndi siteji, ndipo m'mawa tinakwera chapa ina. Iyi inayenda bwino, kupatula kuti pa Nicoadala ogulitsa zinanazi anatilowetsera zinanazi m'mawindo mpaka ndinagula ziwiri zimene sindinazifune. Kenako migwalangwa ya kokonati inayamba, minda ya mpunga, mpweya wolemera wonyowa, ndipo a Chikopa anati tafika.

Kelimane ndi mzinda wa njinga. Ine ndimati makabaza ndawaona ku Luchenza, koma kumene kuja njinga ndiye eni msewu, magalimoto amachita kupempha njira. Kutentha kwake n'kwina, kumakumata pathupi. A Chikopa anatiperekeza ku nyumba ya alendo yotsika mtengo, ya mayi wina wonenepa amene aliyense ankamutcha Dona, n'kutsanzika kupita ku nsomba zawo. Dona sankadziwa Chinyanja, ife sitinkadziwa chake, choncho tinkalankhulana ndi manja ndi nsidze. Chipinda chinali ndi mabedi awiri, neti yobooka, ndowa ya madzi ndi fani imene inkangotembenuza mutu koma mphepo osatulutsa. Ndinasoka netiyo ndisanakhale n'komwe pansi, singano sindiyenda osaitenga.

Madzulo omwewo sindinafune kutaya nthawi, diso lija silinkadikira munthu. Ndinawagwira dzanja ababa n'kutsata msewu wotsetsereka mpaka tinafika pamadzi ambiri, pali zombo ziwiri zadzimbiri ndi anthu okhala pakhoma akupunga mphepo. Mtima wanga unadumpha.

"Ababa, tafika! Nyanja yanu ija iyi!"

Ababa anavula chipewa, anaima chilili nthawi yaitali akuphethira. "Eya," anatero motsitsa. "Ndi yomweyi."

Tinabwerera ine ndikuyenda ngati ndawina mpikisano wa kwaya. Ndinamuonetsa Dona chithunzi cha madziwo chimene ndinajambula pa foni, ndikuloza ababa, ndikuloza diso, ndikuchita mafunde ndi dzanja. Dona anayang'ana, anapukusa mutu mpaka ndolo zinalira. Anatenga pensulo n'kujambula papepala mizere iwiri yokhotakhota ngati njoka, kuloza chithunzi changa. Kenako anajambula chinthu chachikulu chodzadza pepala lonse, n'kulemba pansi pake kuti Zalala, n'kujambulanso kagalimoto. Tinali titaonera mtsinje. Ndinawatembenukira ababa.

"Ndimadziwa," anatero osaphethira n'komwe. "Ndimafuna ndione ngati uli tcheru."

Tsiku lotsatira sitinapite kulikonse. Maondo a ababa anatupa ndi kupanikizika kwa m'magalimoto, ndipo mpunga wothira kokonati umene Dona anatipatsa mwa chifundo chake unawatsegula m'mimba. Ndinawaseka kuti si inu mumati munakulira zimenezi, iwo ati masiku ano amathira wambiri. Ndinawasiya atagona n'kupita kukasaka buledi ndi mankhwala opaka. Ndinasokera kawiri, chifukwa misewu ya kumeneko yonse ndi yofanana ndipo kulibe phiri loti uziyendera ngati kwathu. Wa kabaza amene anandibweza anangomva liwu loti Dona n'kundizungulitsa kwa ma Dona atatu asanandifikitse kwa wanga. Kathumba ka m'chiuno kanali katapepuka. Ndinaona kuti mawa ndi mawa basi, mkuja tiyenera kukhala pamsewu wobwerera.

Lachinayi tinakwera chapa ya ku Zalala, ababa atavalanso jekete. Inatitsitsa pamapeto pa msewu cha m'ma teni koloko, pamitengo italiitali yonga paini. Kondakitala anatilozera kutsogolo, n'kutionetsa zala zisanu kuti yomaliza imabwerera faifi koloko. Tinadutsa mitengo ija pang'onopang'ono, ine mtima uli m'mwamba, n'kutulukira poyera.

Kunalibe nyanja.

Kunali mchenga wonyowa, wathyathyathya, wopita kutali ngati mabwalo a mpira zana ataikidwa pamodzi. Mabwato anali gone chammbali pouma, zingwe zili lende. Kutali kwenikweni, kumene mchenga unkakumana ndi mitambo, ndinkaona kamzere konyezimira kopyapyala ngati ulusi.

"Ukuona chiyani?" anafunsa ababa.

Ndinawauza zoona. Anati tiyende tikapeze kamzereko. Tinayesa, koma ndodo inkangomira mumchenga, maondo akukana, dzuwa likuwamenya pamutu, ndipo titayenda pang'ono anayamba chizungulire. Kamzere kaja sikanasendere n'komwe. Ndinawabweza pamthunzi ndikuchita kuwakoka, n'kuwakhazika pa bwato lina logadabuzika. Atapuma anafunsa ngati mabwato onse ali pamtunda. Ndinati eya.

"Basi, yaphwa," anatero. "Ngati Chilwa chaka chija, mabwato anangoti mbwee pamatope ku Kachulu. Tabwera chaka choipa, mwana wanga. Mvula inavuta kuno."

Ine ndinakhulupirira. Musandiseke, kaya za nyanja anatiphunzitsa kusukulu ine nditapita kukatunga madzi a aphunzitsi, kaya. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti nyanja ikaphwa imadikira dzinja, ndipo diso la ababa silikanafika dzinja. Ndinakhala pamchenga n'kuyamba kulira ngati mwana, kulira kokweza, ndikudandaula mayunifolomu onse aja, thobwa lija, ulendo wonse uja. Ababa ankangondisisita pamutu akuti, "Tiye tizipita, Esinati. Wayesetsa."

Tikutola zikwama, mayi wina amene anakhala chapafupi ndi mabeseni opanda kanthu anatiyandikira. Anali wa msinkhu wanga, atamanga duku lofiira.

"Amayi, mwaferedwa?" anafunsa m'Chinyanja.

Ndinadzidzimuka kumva chilankhulo chathu. Anati dzina lake ndi Rozita, anakulira ku Mulanje nthawi imene makolo ake anathawa nkhondo, ndipo tsopano amagula nsomba kwa asodzi pamenepo. Ndinamufotokozera zonse, za diso, za ulendo, za chilala chimene chaumitsa nyanja. Anandiyang'ana, anayang'ana ababa, kenako anagwira pamimba n'kukhala pansi ndi chiseko.

"Chilala! Mayo, a Malawi inu! Madziwa amapita n'kubwera tsiku lililonse, kawiri. Apita m'mawa, abwera masana ano. Inu mukuganiza kuti ine ndakhalira chiyani pano ndi mabeseni? Bwato mwakhalapoli likhala m'madzi ikamakwana folo koloko. Ngakhale mwana woyamwa wa kuno amadziwa zimenezi."

Ndinaseka nawo misozi ili m'masaya. Koma chiseko chinandithera pakamwa, chifukwa mawu omaliza aja anandilowa. Ndinawayang'ana ababa. Anali atazolika, akukumba mchenga ndi ndodo. Rozita anaona kuti pali nkhani, anabwerera ku mabeseni ake.

"Ababa," ndinatero pang'onopang'ono, "inu munakulira kuno?"

Anasiya kukumba mchenga.

"Sindinafikeko kuno, Esinati. Lero n'koyamba."

Anandiuza ali chizolikire. Kwawo kunali kuseri kwa phiri la mitu iwiri lija, pamene galimoto inatifera. Amene anafika ku Kelimane anali achimwene awo, a Mulimba, amene Apwitikizi anawagwira kukagwira ntchito ya chibalo m'minda ya kokonati. Anabwerako kamodzi, atawonda, koma ndi nkhani zodzadza nyumba, ndipo ababa, ali mwana wa zaka khumi, ankagona pafupi nawo kuti amve zonse. A Mulimba analonjeza kuti tsiku lina adzawatenga akaone madzi opanda tsidya. Kenako anagwidwanso kachiwiri, osabwereranso. Agogo anatenga ana otsala n'kuwolokera ku Mulanje.

"Nditayamba ntchito ku Makata anzanga ankandiseka kuti ndine wobwera, wa kutchire. Tsiku lina ndinangoyamba kunena nkhani za achimwene ngati zanga, anthu n'kukhala chete kumvetsera. Ndikamazinena ndinkamva ngati ali pompo. Ndiye zaka zinapita, amayi ako anamwalira akudziwa kuti ndine wa ku Kelimane, ndikanabweza bwanji? Wandiwonongera ndalama zako pa bodza, mwana wanga."

Kunena zoona ndinakwiya, pang'ono. Ndinakumbukira mmene ndinkadzitamira kusukulu kuti bambo anga anasambirapo m'nyanja ya mchere. Koma poyang'ana nkhalamba ija, ili mu jekete pa dzuwa lonse lija, ikuopa mwana wake yemwe, mkwiyo unasungunuka, ndinangowamvera chisoni ndi kuwakonda koposa kale.

"Obrigado uja ndiye munamutenga kuti?" ndinafunsa.

"Kwa achimwene omwewo," anatero, ndipo tonse tinaseka.

Ndiye tinadikira. Pa maulendo onse amene tinadikira pamsewu uja, uku ndiye kunali kudikira kwenikweni. Ndinasenda chinanazi chimodzi tinagawana ndi Rozita. Wani koloko inakwana, kamzere kali pomwepo. Ndinayamba kukayika ngati mayiyu sanatinamize, ndipo maso anga ankangopita pa foni kuwerengera chapa ya faifi koloko. Ababa ankafunsa mphindi zilizonse kuti yasendera, ine n'kumati pang'ono, ngakhale sindinkaona kusintha. Cha m'ma thu koloko kamzere kanali katanenepa. Kenako asodzi anayamba kutuluka m'mitengo, akumasula zingwe, osathamanga n'komwe.

Anayamba kuimva ndi ababa, ine ndisanazindikire.

"Chikulira n'chiyani? Kukubwera lole?"

"Si lole, ababa. Ndi madzi."

Anaimirira okha osagwira ndodo. Anandipatsa jekete, anavula nsapato ndi masokosi n'kuziika bwinobwino pa bwato, anapinda thalauza mpaka m'maondo. Ndinafuna kuwatsogolera koma anakana, ati aima pomwepo, yabwera kale kutali, imalize yokha. Madzi ankabwera mothamanga tsopano, akuyala thovu pamchenga n'kubwerera, akuyalanso chapafupi. Funde lina linafika n'kuwazungulira akakolo. Anadzuma ngati awotchedwa, n'kundifinya dzanja mpaka kupweteka.

"Mukuiona, ababa?"

Anatsinzina diso lakufa lija, n'kutong'ola linalo, akutembenuza mutu uku ndi uku.

"Ndikuona zoyera zikubwera, zikupita. Kutaliko sindikuona." Anatembenukira kwa ine. "Undionere ndiwe, Esinati, ndipo usandinamize. Kutsidya kukuoneka chiyani?"

Ndinayang'ana mpaka maso anandiwawa.

"Kulibe tsidya, ababa. Ndi madzi okhaokha mpaka kumwamba."

Anagwedeza mutu kangapo, misozi ikutsikira m'ndevu, madzi akuwamenya m'maondo otupa aja.

"Sananame achimwene," anatero. "Wonama ndinali ine ndekha."